Katatu, Kenako Kamodzi

Patatha sabata chiikireni maliro a bambo ake, Brenda anakwera chulu cha kuseri kwa msika wa Milonde, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Kunali kutangoda. Ntchito yake ya kuyunivesite sinkadziwa za maliro. Madzulo alionse ankaona pa laputopu zimene makina a m'mlengalenga ajambula: kuwala kwa ekisirei kochokera ku gulu la nyenyezi lakutali zedi. Kuwalako kukathwanima, mzere wa pa laputopupo unkalumpha.

Kwa miyezi isanu mzerewo unali chigonere. Tsikulo unalumpha katatu, n'kupuma, n'kulumphanso kamodzi. Kenako unabwereza. Brenda anauyang'anitsitsa. Umu ndi mmene bambo ake ankagogodera chitseko akaweruka ku esiteti ya tiyi.

Foni inalira. Anali mayi ake, akunong'ona.

"Brenda, ndiwe uli pakhomopa?"

"Ayi amayi, ndili pachulu."

"Nanga akugogodayu ndani? Kagogodedwe kake n'ka bambo ako."

"Musatsegule, amayi!"

Pa laputopu mzere unayambanso kukwera. M'foni Brenda anamva mpiringidzo wa chitseko ukuchotsedwa.

"Panjapo akuzizidwa, mwana wanga," anatero mayi ake.