Anasiya Mtali Pabenchi Chifukwa cha Mlendo

Panali munthu wina, mphunzitsi wa timu yaing'ono ya mpira, amene anyamata ake ankangomutcha Akochi. Timuyo inali pansi pa ligi, ndipo inatsala ndi masewero amodzi. Ikanangofanana mphamvu ikanapulumuka, koma kugonja kunali kutuluka m'ligi.

Mpira wawo unali wosakongola koma unkawadyetsa. Kutsogolo ankaimika anthu awiri, Mtali ndi Kamphepo. Otchinga kumbuyo ankaponya mpira m'mwamba, Mtali n'kuugwetsa ndi mutu, Kamphepo n'kumwetsa. Wothandizira Akochi anali mlamu wawo, munthu wosalankhulalankhula.

Sabata ya masewerowo, kuzokonzekera kunabwera bambo wina wa jekete yosalala. Anati amasakira osewera matimu akuluakulu, ndipo diso lake lagwera pa mwana wa Akochi, mnyamata wosewera pakati yemwe nthawi zambiri ankakhala pabenchi. Anati zoimika awiri kutsogolo ndi zachikale. Masiku ano kutsogolo kumakhala munthu mmodzi wopepuka miyendo, ena atatu n'kumamupatsira mpira wapansi.

"Mwana wanuyo muimikeni yekha kutsogolo ndimuone bwino," anatero bamboyo. "Wamtaliyo akungomutchinga."

Akochi mutu unakula. Pobwerera kuchipinda chosinthira anafufuta pabolodi kaimidwe kakale, n'kujambula ka mlendo. Mlamu wawo anawakumbutsa kuti bwalo lawo ndi la mabampu, mpira wapansi sungayende, komanso kuti mnyamatayo sanasewereko kutsogolo chibadwire.

"Alamu, munthuyu mwamufunsa n'komwe kumene wachokera?"

"Nsanje basi, alamu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anayankha Akochi.

Kalumoko kanali kakuthwadi. Tsiku la masewero Mtali anakhala pabenchi, Kamphepo anakankhidwira kumbali kumene mpira sunkafika. Mwana wa Akochi anaima yekha pakati pa zimphona ziwiri zotchinga kumbuyo ngati mwanapiye. Mpira ukabwera pansi unkadumpha pabampu, ukabwera m'mwamba sankaufika. Pofika nthawi yopumula anali atamwa kale zigoli ziwiri.

Mlamu anapempha kuti Mtali alowe. Akochi anakana, maso ali kwa ochemerera kufunafuna jekete ija. Ankaopa kuti akasintha kaimidwe, mlendo aona ngati mwana wawo walephera. Ochemerera anayamba kumukuwiza mnyamatayo, ena kumutukwanira mayi ake omwe anali pompo.

Masewero atatsala pang'ono kutha m'pamene Akochi anagonja n'kulowetsa Mtali. Mpira woyamba kumufika pamutu anaugwetsera Kamphepo, chigoli. Chachiwiri chinasowa nthawi. Oyimbira anathetsa masewero, timu inatuluka m'ligi.

Potuluka m'bwalo, Akochi anaiona jekete ija. Mwini wake anali atakumbatirana ndi mphunzitsi wa timu inayo, akumutchula kuti achimwene. Ataona Akochi sanachite n'komwe manyazi.

"Ife timaopa mutu wa Mtali basi," anatero bamboyo. "Zikomo potisungira pabenchi."

Chimene chimandipweteka ine si kugonjako, mpira ndi wotero. Ndi mnyamata uja. Sanapemphe kuimikidwa kutsogolo, koma mpaka lero anthu akamuona pamsewu amati uyo anatulutsa timu m'ligi. Nsapato zake za mpira anapatsa mnzake, ndipo kubwalo sapondako. Mtali ndi Kamphepo anatengedwa ndi timu yomwe ija inawagonjetsa. Akochi ndi mlamu wawo amangopatsana moni pamaliro.

Phunziro: Munthu wosamudziwa akayamba ndi kutamanda mwana wako, funsa kaye chimene akufuna. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale alibe jekete. Usataye njira imene yakhala ikukupulumutsa pa tsiku lomwe ukuifunitsitsa. Tumizani nkhaniyi kwa aphunzitsi a mpira, makolo ndi aliyense wokomedwa ndi pakamwa pa alendo, asanafufute bolodi lawo.