Kandege Kosadziwa Bodza

Ankayanika zofunda za amuna ake kuseri kwa nyumba pamene kulira kuja kunayambanso. Nziii, ngati udzudzu umene waloweza khutu lako. Mayi telala sanachite kukweza mutu kuti adziwe. Kadroni kaja, kandege kakang'ono ka kamera, kanali kataima m'malere pamwamba pa mpanda, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo, diso lake lagalasi lili pa iye.

Kandegeko kankabwera masana, ndipo kankadziwa tsiku lake: tsiku limene wokonza mafoni walowera pakageti kakumbuyo. Zoti mafoni a m'nyumba imodzi angamawonongeke mlungu ndi mlungu, ndani akanakhulupirira? Koma mtima ukazizidwa sufunsa kuti motowu ndi wa yani.

Amuna ake anagwa ndi sitiroko chaka chatha. Chiyambire pamenepo anali chigonere m'chipinda cham'mwamba, osayankhula, dzanja losagwira ngakhale supuni. Maso okha ndiwo ankayenda. Iye ankawadyetsa, kuwatembenuza, kuwasambitsa m'mawa uliwonse, kenako n'kuwatsegulira chitseko cha pakhonde lam'mwamba, lija lopanda denga, kuti azipitidwako mphepo. Fumbi lolowera pamenepo linkamutopetsa. Akolope chotani, ankalipezabe mpaka kumapazi kwa wodwala.

Mwini kandegeko ankamudziwa. Asanadwale, amuna ake ankajambula maukwati, ndipo atangogwa, mchemwali wawo anabwera n'kunyamula zikwama za makamera, ati akasunge. Mlamu ameneyu nyumbayi ankaimezera mate kuyambira kalekale. Ankangosowa chithunzi chimodzi chokaonetsa achibale, kuti mayi telala atuluke makina osokera ali pamutu. Ndipo kandegeko kakakhuta kuyang'ana, kankalowera kumadzulo, kuseri kwa mitengo, kumbali komwe mlamuyo ankakhala. Munthu angafunenso umboni wanji?

Nyumba ankaidandaula, inde, koma mantha ake enieni anali ena. Ankaopa tsiku limene mlamu adzakwere masitepe n'kuika foni pamaso pa munthu wosatha ngakhale kutembenuza nkhope. Kulira kuja kunayamba kumutsata m'nyumba. Ankakumva m'makina osokera, m'firiji, mumpopi wa madzi. Akamadyetsa amuna ake, maso awo n'kukhalitsa pa iye, ankayang'ana kumbali.

Tsikuli wokonza mafoni analowa ndi kabokosi kakuda ka tinyanga titatu, atakakulunga m'thaulo.

"Chinthu ichi n'choletsedwa, apolisi akandipeza nacho ndapita," ananong'ona. "Tingoyatsa kamphindi."

"Ndiye kandegeko kagwa?" mayi telala anafunsa.

"Ayi, kangogontha. Kamamvera mwini wake pamafunde ngati a wailesi. Bokosili limasokosa mpaka mwini wakeyo osamvekanso. Kakasowa wokalamula, kamabwerera kokha pamalo pomwe kananyamukira. Munthu amatha kuzungulira njira kuti akusocheretse, koma iko sikadziwa bodza. Kamangolunjika kwawo."

"Basi, ndikatsatira. Ndikawapeza alamu ali chigwirire rimoti m'manja."

"Ine ndizijambula pafoni. Akadzatulutsa chawo, nawenso udzatulutse chako. Kuzonda munthu pakhomo pake ndi mlandu."

Mayi telala anavula masilipasi n'kuvala nsapato zoti athamange nazo. Anatsegula kageti. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, mantha anachoka m'chifuwa mwake ndipo m'malo mwake munalowa ukali. Anayang'ana kandegeko m'diso, osaphethira. Pitirizani kusangalala alamu, anatero mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Wokonza mafoni anadina batani. Kanyali kofiira kanayaka.

Kandegeko kanadzandira pang'ono, ngati mwana amene watayana ndi amake pamsika. Kanaima. Pabwalo ponse panali zii, kupatula kulira kuja ndi madzi odontha kuchokera ku zofunda. Kenako kanakwera m'mwamba molunjika, mpaka kuchepa ngati ntchentche, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

Phazi limodzi la mayi telala linali kale kunja kwa kageti, nkhope italoza kumadzulo. Anadikira kuti kadutse mitengo ija.

Sikanapite kumitengo. Kulira kunkakula m'malo mochepa. Chithunzithunzi chake chinadutsa pa zofunda zonyowa zija, chinadutsa pamutu pake, chinakwera khoma la nyumba. Kandegeko kanaima pamwamba pa khonde lam'mwamba n'kuyamba kutsika modekha, ngati nkhunda yodziwa khola lake. Kanatera. Mapiko ake anasiya kuzungulira.

"Kasochera," anatero mayi telala. "Eti kasochera?"

Wokonza mafoni anasiya kujambula. Foni anali atayitsitsa, ndipo ankayenda chambuyo kulowera kukageti.

Katani ya pachitseko cham'mwamba inasuntha. Dzanja lija analisambitsa m'mawa womwewo, lija losagwira ngakhale supuni, linatola kandegeko mosaphonya. Amuna ake anaweramuka, rimoti ili kudzanja lina, mapazi opanda nsapato ali pafumbi la pakhonde, ndipo anamuyang'ana ndi maso omwe aja.