Kachewere wa mu mpanda wa Lurdes

Khasu la a Baltazar linatsika pamzere, mtima wa Lurdes uli m'mwamba.

Munda wa ku Domwewu amalume akewo anamubwereka monyinyirika. Lurdes anazinga mizere ina ndi mpanda wa pulasitiki, n'kumapoperamo mpweya wa kaboni wa m'mabotija achitsulo osungira mpweya, uja ukuchuluka padziko, kuti aone ngati kachewere angabereke mosiyana. Mizere ya kunja anaisiya choncho.

"Mbewu imadya manyowa, osati mphepo," anatero amalumewo pofika m'mundamo. "Ndikapeza zofanana, ndizula chisakasa chakochi, ndibzalepo chimanga."

Phando la kunja linali litatulutsa kale timbatata tonga mazira a nkhuku. Tsopano a Baltazar anali kukumba m'kati mwa mpanda.

Anatembenuza dothi, n'kuima. Khasu analiponya uko, nagwada, n'kuyamba kufukula ndi zala ngati akuopa kupweteka khanda. Inatuluka mbatata yonga chibakera. Inatuluka ina. Pansi pake panali zinanso.

"Unathira adubu mobisa iwe?" anafunsa, kunena feteleza.

"Adubu munathira ndinu, amalume, kunja ndi m'kati mofanana."

Amalumewo anavula chipewa chawo, chija salola munthu kuchikhudza, n'kuchidzaza mbatata ndi dothi lake lomwe.

Pomwepo mphepo ya kuphiri inakankha mpandawo, mtengo umodzi n'kupendekeka. A Baltazar anadzambatuka ngati mnyamata, n'kuuchirikiza ndi phewa.

"Ukungoseka chiyani, Lurdes? Thamangira luzi, mpanda wathuwu ungagwe!"