Foni Imodzi Inafufuta Mabanja a ku Molumbo

Panali munthu wina kuno ku Milange, dzina lake Amândio, katswiri wa makompyuta wophunzira ku Quelimane. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo aliyense woimva mtima umamuwira.

Bungwe lina la alimi linamupatsa ntchito yokonza njira yoti alangizi a ku Mongue, Majaua ndi Molumbo azilemba pa foni mabanja olandira mbewu ya chimanga, mayinawo azikasonkhana pa kompyuta imodzi m'tauni. Lamulo limene anaika linali limodzi: pa dera lililonse, mndandanda wofika pomaliza ndiye woona, wakale uzifufutika.

Dona Cremilda, mlangizi wa ku Molumbo, anakweza dzanja pamsonkhano wofotokoza njirayo.

"Bambo injiniya, kwathu netiweki kulibe. Foni imatha milungu itatu m'chikwama isanatumize kanthu. Chofika pomaliza sikuti ndiye chatsopano ayi. Bwanji kompyutayo iziona tsiku lolembera, ndipo zakale izisunga?"

"Epa, mana, mchemwali wanga!" anaseka Amândio. "Inu palasani njinga, za makina tisiyireni ife."

Anthu anaseka nawo. Cremilda anakhala pansi.

Mwezi wonse wa Okutobala mayiyo anayenda khomo ndi khomo, dzuwa likuswa mtengo, mpaka analemba mabanja 143. Anapalasa kukafika pamene netiweki imagwira, natumiza. Zonse zinafika bwinobwino.

Koma kunali Nando, mlangizi mnzake wa komweko, amene mu Ogasiti analembako mabanja khumi ndi awiri okha, kenako batire la foni yake linafa. Foniyo inagona m'kabati miyezi iwiri. Atagula batire lina kumsika wa pamalire, anaiyatsa ali m'tauni. Pompo foni inatumiza kamndandanda kake kakale kaja. Kompyuta inamvera lamulo la bwana wake: 143 kufufuta, 12 kusunga. Mbewu yooneka ngati yotsala, a kuofesi anaitumiza ku Mongue ndi ku Majaua, nigawidwa yonse.

Tsiku logawa ku Molumbo, anthu anabwera wapansi, ena ana ali kumbuyo, mizere atapanga kale. Cremilda anafika ndi galimoto kuchokera m'tauni. Anatsitsa matumba khumi ndi awiri. Basi!

"Munatilemba tikuona ndi maso athu!" anakuwa Ermelinda, mayi wamasiye wa ana asanu. "Mbewu yathu mwakagulitsa kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, wakuba inu!"

Cremilda anatulutsa foni kuti awaonetse mayina awo. Kalanga ine! Ali m'tauni muja, foni yakenso inali itakopera mndandanda wa pa kompyuta. Mayina khumi ndi awiri. Anthu anamulanda njinga yake imene inali pagalimotopo, namuthamangitsa ndi zibuma.

M'mawa mwake Cremilda analowa mu ofesi ya Amândio mwaukali.

"Bwezani mndandanda wanga!"

Amândio anadinadina mabatani, thukuta lili kamukamu. "Mana, zakale sitisunga. Zimadzaza malo."

"Ndiye tiyeni ku Molumbo, mukanene ndi pakamwa panu kuti sindinabe."

"Aaa, makina sanalakwe, achita zimene anauzidwa. Komanso msewu wa kumeneko ndi woipa."

Munthu wopanda manyazi! Sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Mvula inagwa sabata yomweyo, mabanja 131 anabzala mbewu zotolatola, ena minda inangomera udzu. Amândio anasintha lamulo lake lija mwakachetechete, osauza munthu, ndipo lero akuyenda ndi tayi m'tauni. Cremilda ntchito anaisiya, kumsika sapitanso masana, ndipo ana ake kusukulu mpaka pano amatchedwa ana a wakuba mbewu.

Phunziro: Wamisala anaona nkhondo. Inu okonza makina, musananyoze woyenda m'fumbi, mufunseni mmene uthenga umayendera kwawo. Musafufute chakale musanadziwe kuti chatsopano ndi chiti, ndipo mukalakwa, kavomereni pamaso pa anthu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja odziyesa odziwa zonse.