Fayilo ya Macaraeg

"Mkazi wanga mwamubisa kuti?" Rodel Macaraeg anakuwa atawakanyanga pakhosi mayi Nenita, amene anakalambira mu ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku Batangas.

"Lamulo silindilola kuulula, bambo," anayankha mayiwo mobanika.

Rodel anawawombetsa kukhoma, magazi n'kuyamba kuchucha m'mphuno. Anaphwanya kabati ndi chikwanje chimene anabwera nacho, namwaza mafayilo pansi mpaka anapeza yolembedwa kuti Macaraeg.

M'katimo munalibe za mkazi wake. Munali chithunzi chakalekale cha mwana wazaka zisanu, wotupa diso, wothyoka mkono. Rodel anazindikira kuti mwanayo anali iye mwini.

"Bambo anunso anabwera ndi chikwanje," anatero mayi Nenita akudzipukuta magazi. "Sindinawauze komwe tinakubisani."