Mayeso a Umakaniko pa Kopaletivi

Alfonsi Ngoma anaima pambali, manja kumbuyo, akuonerera mnzake wa ovolosi yoyera akulimbana ndi injini ya lole. Awiriwo anali pa mayeso. Kopaletivi ya alimi a mtedza ya m'msewu wa ku Chipangali inalengeza kuti ikufuna makaniko mmodzi, poti mzungu amene ankasamala loleyo analongedza n'kubwerera kwawo ufulu utangobwera.

Ntchito yake inali yochotsa kachitsulo kamkuwa kamene kamamva kutentha kwa injini n'kuuza singano ya kutsogolo kwa dalaivala, ndi kuikapo katsopano. Kakaleko kanali katafa, ndipo dalaivala anakaniratu kunyamula matumba kupita ku Chipata ndi injini yosadziwika ngati ikuwira kapena ayi.

Wa ovolosiyo anali Abel, mwini satifiketi ya kusukulu ya zaumisiri ndi bokosi lofiira la zitsulo zonyezimira. Anayamba ndi sipanala yotsegula kukamwa, ya mamilimita, pa lole ya Angelezi yodziwa mainchi okhaokha. Sipanalayo inaterereka n'kumusupula chala. Anatenga pulayasi, pulayasiyo n'kutafuna makona a mkuwa uja. Atanyamula nyundo, Alfonsi analephera kudzigwira.

"Achimwene, bwanji muikepo satifiketi ija? Mwina imamasula."

Alimi amene ankadikira pa matumba awo anaseka. A tcheyamani a kopaletivi, a Boaz Tembo, amene anakhala pampando mumthunzi atamanga tayi, anatsokomola.

"Zakwana. A Ngoma, tioneniko zanu."

Alfonsi anali atagona pansi pa malole a pafamu ya fodya zaka makumi awiri ndi ziwiri, akutchedwa sipanala boyi mpaka imvi zinamera. Famuyo itatsekedwa anakhala pakhomo zaka ziwiri, mkazi wake Ketilina akudyetsa banja ndi khasu. Lero uboyi unali kutha.

Anafunyulula chisaka chake: sipanala ya ringi imene anaipala yekha ndi tupa, kampaipi kafupi, botolo la palafini ndi kanyundo ka chigwiriro chong'aluka. Sanathamange. Anayamba wakhetsera madzi a mu injini m'ndowa, chinthu chimene wasatifiketi sanachiganize n'komwe. Anazula kawaya, anadonthezera palafini m'mazinga mwa kachitsuloko, kenako anapichira fodya wake n'kusuta mpaka kumapeto. Atatero anagogoda pang'ono katatu, anaveka ringi ya sipanala pa makona otafunidwa aja, n'kulowetsa kampaipi kuchigwiriro cha sipanalayo. Anakoka kamodzi. Kachitsuloko kanalira ngati khoswe, n'kugonja.

Anamanga katsopano, anabwezera madzi, dalaivala n'kuliza injini. Singano inadzuka pang'onopang'ono, inafika pakati n'kuima pomwepo. Alimi anayamba kukweza matumba osadikira kuuzidwa.

A Tembo anaimirira, anamugwira Alfonsi chanza ndi nsonga za zala kuopa girisi.

"Dziko lathu latsopanoli likufuna manja ngati amenewa, a Ngoma. Komiti yaona ndi maso ake. Pitani kwanu, kalata ikupezani."

Abel anali atawerama, akulongedza zitsulo zake zonyezimira. Alfonsi anamumvera kachisoni pang'ono, ndipo anatsimikiza mumtima kuti akayamba ntchito adzamupemphera malo oti azigwira ndowa. Anazungulira kuseri kwa lole kumene kunali mgolo wamadzi, n'kuyamba kutsuka manja ndi mchenga. Ankaganiza za ovolosi imene adzapemphe: yabuluu, osati yoyera ngati ya wophika tiyi.

Ali chiweramire, anamva mawu a Abel mbali ina ya lole.

"Malume, nanga mabuleki aja? Inetu sindiwatha."

"Iwe usamade nkhawa, ntchito tinakulemba kale mwezi watha," anayankha a Tembo. "Za mabuleki tilengeza mayeso ena Lachisanu. Ku Mtenguleni kuli mdala wina amawadziwa bwino."