Chitunda cha Mabatire

M'midzi yonse imene ndapondamo, sindinaone banja lolalatirana ngati la a Chikakuda. Kwawoko, munthu mtima ukafooka amamuika kapampu koyendera batire m'chifuwa, ndipo lamulo ndi limodzi: batire lodzaza amapatsa yekhayo amene wakwera chitunda cha kuchipatala ndi miyendo yake. Wobwera pa njinga kapena pa ngolo amamubweza, ati thupi lizolowere kuyenda.

Bambowo ndinawapeza ali tsonga pakhonde, kanyali ka pa lamba wawo kakuphethira mofiira kusonyeza kuti batire likutha.

"Nachisale, manga ng'ombe," anauza mkazi wawo. "Ukanditsitse kuseri kwa tchalitchi, sakaona."

"Ng'ombe zili kudambo. Mpando wanu uja ndasonkhezera moto. Dzukani, alesi inu."

"Mfiti iwe! Ukufuna ndifere panjira kuti utenge munda."

"Mukafera pakhonde pano adzakolope ndani? Yendani."

Anadzuka ndi mkwiyo. Chitunda chonse anakwera akutukwana. Akaima kuti apume, ali wefuwefu, ankayambiranso, ulendo uno kutukwana alamu awo mmodzimmodzi. Mkazi ankatsatira pambuyo atabereka kanthu ndi chitenje, osalola liwu ngakhale limodzi kudutsa osaliyankha.

Bambowo atalowa m'chipatala, ndinafunsa mayiwo kuti khanda aberekalo ndi la yani. Anamasula chitenje pang'ono. Linali batire lodzaza, limene anakatenga okha kuchitundako kuopa kuti bambowo angagwe panjira.

"Mukawauza ndikuswani mutu, achikulire," anatero. "Akangodziwa kuti lilipo, sadzadzukanso pakhonde paja."